Foni yalowa mu router, intaneti yafooka: wolakwa ndani?

Ku Britain akusiya matelefoni akale a m'nyumba, omwe kuno timati foni yapansi. Kampani ya BT inakonza zotseka dongosolo lakalelo mu Disembala 2025, kenako inasunthira tsikulo ku 31 Januwale 2027. Tsopano mawu akuyenda pa intaneti: foni siilumikizidwanso pa soketi ya pakhoma, ikulowa kumbuyo kwa router. BT imatcha njirayi Digital Voice. Enafe tili ndi abale kumeneko, ndipo dandaulo lina lomwe limamveka ndi loti chisinthireni foni, intaneti ya m'nyumba yayamba kukwawa.

Munthu amathamangira kuloza chala foniyo, koma masamu akukana. Kuyankhulana pa foni yotere kumadya makilobiti pafupifupi 100 pa sekondi. Nyumba ya intaneti ya mamegabiti 30 ili ndi makilobiti 30,000, choncho foni ikungotenga gawo limodzi mwa magawo 300. Kanema mmodzi wa HD amafuna mamegabiti ngati 5, ofanana ndi anthu 50 akuyimba nthawi imodzi. Kawirikawiri foni ndiyo imavutika ndi zinzake: wina akamatumiza zithunzi ndi makanema ambiri, mawu amadukaduka, monga timaonera ife tikamayimba pa WhatsApp.

Funso labwino ndi loti, tsiku lomwe foni inasintha, chinasinthanso n'chiyani? Nthawi zambiri pamabwera router yatsopano, kapena yakale imasamutsidwa kuti iyandikire pomwe agogo amayankhira foni. Apa m'pofunika kusiyanitsa zinthu ziwiri zomwe timazisokoneza: liwiro lomwe likufika pa router kuchokera kunja, ndi liwiro la Wi-Fi mkati mwa nyumba. Lumikizani kompyuta ku router ndi chingwe, zimitsani Wi-Fi pa zida zina zonse, muyeze pa Speedtest kapena fast.com. Mukatero chotsani chingwe, muyezenso muli m'chipinda chomwe mumakhala. Ngati pa chingwe liwiro lili bwino, intaneti ikufika bwinobwino. Vuto ndi makoma, malo a router kapena mafunde omwe mukugwiritsa ntchito. Mafunde a 2.4 GHz amafika patali koma ndi ochedwa, ndipo amasokonezedwa ndi microwave komanso ma router a anansi. A 5 GHz ndi achangu koma khoma la njerwa limawafooketsa msanga. Router yoikidwa pansi, kuseri kwa wailesi yakanema, singachite bwino ngakhale itakhala yatsopano.

Ngati liwiro latsika ngakhale pa chingwe, tiyang'ane mawaya. Nyumba zambiri kumeneko zimalandirabe intaneti kudzera pa waya wa kopa kuchokera pa kabati ya mumsewu. Pa mzere wotere pali makina a kampani omwe amayang'anira ngati ukudukaduka, ndipo akaona kuti sukukhazikika amatsitsa liwiro dala kuti usamaduke. Makampani amalangiza kudikira masiku ngati 10 oyambirira. Tsoka lake, munthu akakwiya amazimitsa ndi kuyatsa router kangapo patsiku, makina aja n'kuganiza kuti mzere ukudwala, n'kutsitsanso liwiro. Mankhwala omwe tonse timawakhulupirira aja, apa amawonjezera matenda.

Palinso mawaya akale opita ku masoketi a m'zipinda. Foni itasamuka amangotsala opanda ntchito, koma akadali olumikizidwa amatola phokoso la magetsi ngati mlongoti wa wailesi. Soketi yaikulu yomwe waya wakunja amafikira ili ndi kasoketi koyesera mkati mukachotsa chivundikiro chakutsogolo. Router ikathamanga bwino pamenepo, mawaya a m'nyumba ndiwo ali ndi mlandu.

Amene anagula kabokosi kapadera kolumikizira foni yakale aonetsetse pomwe anakaika. Tina mwa timabokosi timeneti timalola mamegabiti 100 okha, ndipo kakakhala pakati pa modem ndi router, nyumba yonse imadutsa pa khomo lopapatizalo. Chingwe chakale cha mawaya 4 m'malo mwa 8 chimachitanso chimodzimodzi. Liwiro likamangoima pa 90 ndi kanthu pomwe mumalipira 500, kaikirani zimenezi.

Ife ophunzira zauphunzitsi timauzidwa kuti poyesa chinthu m'kalasi la sayansi tizisintha chimodzi pa nthawi, n'kulemba zotsatira. Apanso n'chimodzimodzi, ndipo manambala olembedwawo ali ndi ntchito. Bungwe la Ofcom, loyang'anira zamtokoma ku Britain, lili ndi mgwirizano womwe makampani akuluakulu ngati BT anasainira: kasitomala amauzidwa liwiro lotsikitsitsa lomwe ayenera kulandira, ndipo likatsika kuposa pamenepo, kampani n'kulephera kukonza m'masiku 30, ali ndi ufulu wochoka osalipira chindapusa. Poyimba kukadandaula, atchule manambala omwe anayeza pa chingwe, chifukwa a pa Wi-Fi kampani idzangoti ndi vuto la m'nyumba mwake.