Shuga wa anthu oonda ku Neno

Pa 14 Novembala dziko lonse limakumbukira matenda a shuga, ndipo uthenga wake ndi womwe uja: chepetsani zotsekemera ndi zamafuta, musanenepe, muzilimbitsa thupi. Koma ku Neno ambiri mwa amene amakhala pamzere tsiku la sikelo ya matenda amgonagona si onenepa ayi.

Pabenchi pali mayi wina wochokera kumapiri a kwa Dambe, woonda moti chitenje chamuzungulira kawiri. Manja ake adakhakhala ndi khasu. Amalima mbatatesi, dengu amasenza yekha mpaka kumsika, madzi amakatunga kumunsi kwa phiri. Tiyi wothira shuga amamwa pokhapokha akagulitsa mbewu. Matenda adayamba ndi ludzu losatha ndi kukodzakodza usiku, kenako chilonda cha kuphazi chimene chidakana zitsamba zonse. Achibale ena adayamba kunong'ona za kachilombo, ena za ufiti. Atamuyeza magazi adapeza shuga. Lero amadzibaya yekha insulin, ndipo poti kwawo kulibe firiji, kabotoloko amakasunga mumphika wadothi wokwiriridwa mumchenga wonyowa.

Nanga matendawa adamupeza bwanji? Apa ndi pamene azaumoyo akusiyana maganizo. Ena akuloza kadyedwe kamene kasintha: ufa woyera m'malo mwa mgaiwa, mchere wochuluka, tchipisi ndi zakumwa za m'mabotolo zimene zadzaza pa Zalewa, kuphatikizapo kachasu ndi fodya. Ena akuti zimenezo zikukhudza wapatauni, koma za mlimi ngati uyu muzu wake ndi njala ya paubwana. Mwana akanyentchera, kapamba wake sakula bwino, ndipo akadzakula thupi limalephera kupanga insulin wokwanira. Ku India madokotala akhala akuona odwala oonda otere kwa zaka zambiri, ndipo mu 2025 akatswiri apadziko lonse adamuvomereza shuga ameneyu kuti ndi mtundu wakewake.

Mkanganowu si wa m'mabuku chabe. Kuuza mayi amene akudya kale mopereweza kuti achepetse nsima ndi kumukankhira kudzenje, ndipo uphungu woterewu ukumvekabe m'midzi.

Dzuwa likafika paliwombo, odwala amene adanyamuka mbandakucha osadya kanthu kuti akayezetse amatulukira pageti la chipatala. Pamenepo pali mabeseni a mandasi ndi milu ya mango, ndipo ulendo wobwerera kumapiri ndi wautali.