Za Nkhuku ndi Maonekedwe a Mazira Ake

Ana inu, mukapita ku msika wa Chinsapo, taonani mazira ali m'malichero. Ena ndi oyera, ena ofiirira. Kodi chowasiyanitsa nchiyani?

Maonekedwe a chigoba atsata mtundu wa thadzi. Dzira likhala m'mimba mwa nkhuku monga maola 25, ndipo utoto upakidwa pa chigoba dziralo lili pafupi kutuluka. Nkhuku zoyera za Leghorn, zochokera ku Italy, ziikira mazira oyera. Zakuda zija tizitcha za Mikolongwe zinachokera ku Australia, dzina lake Black Australorp, ndipo mazira ake ndi ofiirira. Ku Chile kuli mtundu wina, Araucana, woikira mazira obiriwira ngati thambo.

Koma musanyengedwe ndi chigoba, pakuti zam'kati mwa mazira onsewa ndi zimodzimodzi. Chikasu cha pakati chifiira kwambiri nkhuku ikamadya masamba aawisi.

Tsono posankha nkhuku, yambani mwafunsa ntchito yake. Ya Mikolongwe iikira mazira ambiri, koma ifuna chakudya chokwanira ndi khola labwino. Yachikuda, monga kameta ndi kansilanga, iikira owerengeka, koma idzifunira yokha chakudya, nifungatira bwino masiku 21 kufikira anapiye aswa. Chotero mlimi wanzeru aweta mitundu iwiriyi pamodzi.

Kumbutsaninso makolo anu za katemera wa chitopa, chifukwa nthenda imeneyi sisankha mtundu. Ikalowa, ipulula khola lonse.