Tchuthi cha ana mu mzinda wa njuga

Sukulu zikangotsekera, minibasi za pa msewu wa M1 zimanyamula ana ambiri a kuno ku mapiri. Wina wakwerera pa Bembeke, wina pa Dedza boma, wina pa Chimbiya, aliyense ndi kachikwama ka zovala ndi thumba la kachewere lopita kwa azakhali ku Kawale kapena kwa amalume ku Area 25. Makolo timakondwa kuti mwana akaone tauni, akaphunzire kuwoloka msewu, ndipo mwina abwerako ndi nsapato za kusukulu. Koma tauni imene ambiri a ife tinkapitako tili ana siinali yodzaza ndi malo obetchera mpira ndiponso mapepala otsatsa zinthu za akuluakulu monga ilili lero. Kodi mzinda wotere ndi woyenera mwana?

Amayi anzanga, mwana angathe kupita ku tauni. Chimene sitingachitenso ndi kumukweza basi n'kumati kumeneko akamuona okha. Tiyenera kudziwa kumene akagone, amene akayende naye, ndiponso foni imene ikakhale m'manja mwake.

Phunziro la ku Las Vegas

Ku America kuli mzinda wa Las Vegas, womangidwa m'chipululu cha Nevada, kumene njuga inaloledwa ndi lamulo mu 1931. Chuma cha mzindawo chinakula chifukwa cha nyumba zikuluzikulu zotchovera njuga. M'zaka za m'ma 1990 eni mahotela anaganiza zokopa mabanja athunthu. Hotela ya Excalibur inatsegulidwa mu 1990 itamangidwa ngati nyumba ya mfumu ya m'nthano, ndipo ya MGM Grand inatsegulidwa mu 1993 ili ndi bwalo lalikulu la masewera a ana. Sizinapite patali. Bwalolo linatsekedwa patangopita zaka zochepa, ndipo pofika 2003 mzindawo unkadzitsatsa poyera kuti ndi malo a akuluakulu kumene munthu amachita zofuna zake popanda kwawo kudziwa.

Ku Nevada munthu wosakwana zaka 21 saloledwa kutchova njuga, ndipo alonda a m'mahotela amalondola lamuloli. Komabe mwana woyenda ndi makolo ake mu msewu waukulu wa mzindawo amakumana ndi anthu ogawa timakadi ta zithunzi za akazi osavala, ndi magalimoto onyamula zikwangwani zamtundu womwewo. Lamulo limatchinga mwana pa khomo la nyumba ya njuga, koma panja pa khomolo maso ake amaona zonse. Ndilo vuto limene tili nalo ifenso kuno kwathu.

Zimene mwana amawerenga potsika basi

Mwana wa Sitandade 5 amawerenga chilichonse chimene waona, chifukwa kuwerenga kukumukomera. Akatsika pa depoti ya Lilongwe amakhala ali pafupi ndi msika waukulu ndi Devil Street, msewu wodziwika ndi malo omwera mowa. Pa makoma pali mitundu yowala ya makampani obetcha, yolonjeza mamiliyoni kwa munthu woponya ndalama yochepa. Pa mapolo a magetsi ndi pa mitengo pamatidwa mapepala a asing'anga okhala ndi nambala za foni, otsatsa mankhwala a mphamvu za abambo, obweza wokondedwa ndi opatsa mwayi wa chuma. Palibe wamkulu amene wamufotokozera mwanayo tanthauzo la mawu amenewa. Adzafunsa anzake a msinkhu wake, ndipo iwo ndiwo adzakhale aphunzitsi ake.

Tisanamizane kuti izi n'za ku Lilongwe kokha. Kuchokera pamene kampani ya Premier Bet inayamba zobetcha mpira m'dziko muno mu 2015, makampani awonjezeka ndipo afika m'misika ya kumaboma. Lero munthu safunikanso kupita ku shopu. Foni yokhala ndi intaneti ndi ndalama ya pa Airtel Money kapena TNM Mpamba ndi zokwanira kuti mnyamata wa ku Mayani kapena ku Lobi asewere kandege ali pa mphasa. Chimene tauni imawonjezera ndi kuchuluka kwa zokopa, nthawi yambiri yongokhala, ndi kusowa kwa anthu omudziwa mwanayo amene angamudzudzule.

Lamulo lilipo

Malamulo a dziko lino, kuyambira pamene anakonzedwa mu 2017, amati mwana ndi munthu aliyense wosakwana zaka 18. Lamulo la Gaming and Lotteries Act la 2022 linakhazikitsa bungwe la Malawi Gaming and Lotteries Authority, mwachidule MAGLA, limene limapereka ziphaso ndi kuyang'anira makampani a njuga, ndipo mwana saloledwa kubetcha. N'chifukwa chake pa zikwangwani pamalembedwa 18+, ngakhale kuti nthawi zambiri zilembo zake zimakhala zazing'ono poyerekeza ndi za ndalama yowina.

Kufooka kwa lamuloli kuli m'nyumba mwathu momwe. Foni sidziwa zaka za amene akuidina. Ambiri a ife tinapatsa ana nambala yachinsinsi ya foni kuti azititumizira ndalama chifukwa maso anayamba kuvuta. Abambo ena amatuma mwana kuti akawagulire tikiti kapena akaone ngati yalowa. Mwana wotumidwa chotere amaphunzira kuti kubetcha ndi ntchito ya abambo enieni, monga kupita ku munda.

Maiko ena anaona kuti kulemba 18+ n'kosakwanira. Dziko la Italy linaletsa kutsatsa njuga mu 2018. Matimu a Premier League ya ku England, imene ana athu amaidziwa bwino kuposa masamu, anagwirizana mu 2023 kuti kuyambira mu 2026 asamalembenso makampani a njuga pachifuwa pa yunifolomu zawo.

Chifukwa chake mwana amagwidwa msanga

Ophunzira athu a unamwino timawaphunzitsa kuti ubongo sukhwima wonse nthawi imodzi. Mbali imene imamva kukoma ndi kufuna zatsopano imakhala yamphamvu kale pamene mwana akutha msinkhu. Mbali ya kutsogolo, kuseri kwa chipumi, imene imathandiza munthu kudziletsa ndi kuganizira za mawa, imapitiriza kukula mpaka zaka za m'ma 25. Wachinyamata ali ngati njinga yotsika phiri la Dedza mabuleki asanamangidwe bwino.

Munthu akamayembekezera kuwina, ubongo umatulutsa dopamine, chinthu chimene chimamupangitsa kufuna kubwereza zimene wachita. Chimatuluka kwambiri pamene munthu sakudziwa ngati apeza kapena ayi, ndipo kuphonya pang'ono kumamukoka pafupifupi ngati kuwina kumene. Mawu oti "yandiphera timu imodzi yokha" ndiwo amabweza munthu mawa lake. Bungwe la World Health Organization, m'ndandanda wake wa matenda wa ICD-11 umene unayamba kugwira ntchito mu Januwale 2022, linaika vuto lolephera kusiya njuga pafupi ndi mavuto a mowa ndi mankhwala osokoneza bongo. Choncho ndi matenda, ndipo amene wayamba ali wamng'ono ndiye amakhala pa chiopsezo chachikulu.

Masamu ake ndi osavuta, ndipo mungawachite ndi mwana wanu madzulo ano. Tiyerekeze kuti pa masewero amodzi a mpira mwayi wolosera molondola ndi theka. Woika masewero awiri pa tikiti ali ndi mwayi umodzi mwa 4. Woika asanu, umodzi mwa 32. Woika khumi, monga amachitira ambiri ofuna ndalama yaikulu, ali ndi mwayi umodzi mwa 1,024. Chikwangwani chimaonetsa nkhope ya mmodziyo atanyamula cheke, koma anzake 1,023 amene ndalama zawo zalipira chekeyo ndi lendi ya shopu sajambulidwa. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Zimene zimatayika

Akatswiri a bungwe la kafukufuku wa zaumoyo la MEIRU, pamodzi ndi anzawo a ku University of Glasgow, anasindikiza mu 2020 zimene anapeza atacheza ndi anyamata obetcha a ku Lilongwe. Ambiri ankaona kubetcha ngati njira yopezera ndalama, ndipo ndalama ya zofunika pakhomo inkathera komweko. Mu 2021 akatswiri omwewo analemba za mnyamata wa zaka 16 wa kumudzi m'dziko muno amene anadzipha atadyedwa ndalama pa njuga.

Ife a ku chipinda cha amayi oyembekezera timaona mbali ina. Mayi amauzidwa ku sikelo kuti asunge ndalama ya thiransipoti, nsalu, beseni ndi pepala lakuda. Tsiku la matenda likafika, ndalama ija palibe, chifukwa bambo anaiponya kuti ichuluke. Mayi amafika mochedwa, ndipo pa uchembere kuchedwa kwa maola awiri kungathe kutengetsa moyo. Abambo amenewa ambiri ndi anyamata a dzana, amene anaphunzira kubetcha asanamere ndevu. Atsikana nawo sali kutali ndi ngozi. Mnyamata amene wawina lero amakhala ndi ndalama yogulira mtsikana tchipisi ndi mayunitsi, koma sadzakhala nayo pa miyezi isanu ndi inayi yotsatira.

Mpingo umati chiyani

Katekisimu wa Mpingo wa Katolika, pa ndime 2413, sanena kuti masewera a mwayi ndi tchimo mwa iwo okha. Amaphunzitsa kuti amasanduka oipa pamene alanda munthu zinthu zofunika pa moyo wake ndi wa anthu amene amawasamala, ndipo amachenjeza kuti chilakolako cha njuga chingathe kumusandutsa munthu kapolo. Tikayesa ndi muyeso umenewu, pa khomo pamene ndalama ya feteleza, ya fizi ndi ya ndiwo imachokera m'thumba limodzi, ndalama yotsala yoti n'kuseweretsa palibe. Kwa mwana nkhaniyo siifuna n'kukambirana komwe.

Izi zitikhudzenso pa parishi. Tikamachita mpikisano wa matikiti posonkhetsa ndalama za chitukuko, tisatume ana kuti azigulitsa, ndipo tizinena momveka kuti wogula tikiti akupereka mphatso ku tchalitchi, sakuyamba bizinesi.

Mwana asanakwere basi

Imbirani foni amene akamulandire ndipo mufunse mosachita manyazi. Kodi masana, akulu ali ku ntchito, mwana azikhala ndi ndani? Kodi pafupi ndi nyumba pali shopu yobetchera, bala kapena malo oonetsera mpira usiku? Kodi m'nyumbamo muli amene amabetcha? Ngati akamugwiritse ntchito yogulitsa malonda mu msewu mpaka mdima, ndi bwino akhale kumudzi. Mwana wamng'ono aperekezedwe ndi wamkulu mpaka pa khomo, ndipo wokamulandira akhale atafika kale pa depoti basi isanafike.

Khalani naye pansi musanamupakire chikwama. Muuzeni zimene akaone, ndi mawu anu, anzake asanamuuze ndi mawu awo. Ngati zina n'zovuta kuti mayi anene kwa mwana wake, pemphani azakhali ake, agogo kapena mlangizi wa ku mphakati. Ndalama ya m'thumba ikhale yochepa ndipo aziwerengera mmene wagwiritsira ntchito. Sinthani nambala yachinsinsi ya foni yanu, ndipo nthawi ndi nthawi muziwerenga mauthenga osonyeza kumene ndalama zapita.

Akabwerako, khalani tcheru. Chenji chikayamba kuperewera, akamagona mochedwa ali pa foni, akamadziwa zotsatira za matimu a maiko amene sadziwa n'komwe kumene ali, akamakwiya msanga Loweruka ndi Lamulungu madzulo, akagulitsa foni, nkhuku kapena mabuku, kapena anzake akamabwera kudzalonjerera ngongole, pali chimene chikuchitika. Musathamangire chikwapu kapena kumuchititsa manyazi pagulu, chifukwa mwana wochita mantha amabisa ngongole n'kukabetchanso kuti abweze. Mufunseni kuti wadyedwa zingati ndipo ali ndi ngongole kwa yani, kenaka mukonze naye njira yobwezera. Akanena mawu osonyeza kuti watopa ndi moyo, musamusiye yekha ngakhale pang'ono. Pitani naye ku chipatala tsiku lomwelo. Pa chipatala cha boma cha Dedza funsani namwino woona za matenda a maganizo. A St John of God ali ndi chithandizo chotere ku Lilongwe ndi ku Mzuzu, ndipo nambala ya 116 yothandiza ana ndi yaulere.

Ntchito ya bungwe lathu

Mayi mmodzi sangachotse chikwangwani, koma amayi a parishi yonse akalankhula amamveka. Tiyende m'misika yathu tione ngati pali shopu yobetchera pafupi ndi sukulu kapena imene ikulowetsa ana. Tilembe tsiku ndi malo, tikauze mfumu, khansala, komiti ya sukulu ndi apolisi a m'dera, ndipo kalata ina ipite ku MAGLA itasainidwa ndi bungwe lonse. Mapepala olaula omatidwa pa mitengo ya pafupi ndi sukulu tikadandaule ku khonsolo. M'magulu athu a banki m'khonde tigwirizane kuti ngongole isamaperekedwe popanda kudziwa chimene ikukachita. Ndipo tchuthi chisakhale chopanda kanthu kuno kumudzi: kwaya, mpira wa miphakati, dimba la achinyamata kapena ulendo wokaona Kungoni ku Mua zimapatsa mwana chochita ndi chokamba.

Uthenga wa Luka Woyera umatiuza kuti Yesu ali ndi zaka 12 anatsalira ku Yerusalemu, ndipo Maria ndi Yosefe anayenda tsiku lathunthu akuganiza kuti ali pakati pa abale ndi anansi a pa ulendo. Atazindikira, anabwerera okha ku mzinda n'kumufunafuna mpaka anamupeza patapita masiku atatu. Pa msonkhano wathu wotsatira, sukulu zisanatsekere, mayi aliyense abwere ndi maina a ana a m'mphakati mwake amene akupita ku tauni, ndipo pa dzina lililonse tilembe wamkulu amene akamuyang'anire kumeneko ndi nambala yake ya foni.