CHENJEZO LA NAMONDWE: MUZICHITA CHIYANI MUKALIMVA?

Alimi anzanga, dzinja likafika wayilesi imayamba kuulutsa machenjezo ochokera ku Nthambi ya Boma yoona za nyengo. Ambiri a ife timangoti "tamva", kenaka n'kusenza khasu kupita kumunda monga mwa masiku onse. Lero ndifuna kukufotokozerani kumene machenjezowa amachokera, zimene ofufuza a mabungwe othandiza anthu pa ngozi apeza, ndiponso ntchito ya mlimi m'masiku ochepa a pakati pa chenjezo ndi ngoziyo.

Tiyambe ndi Namondwe Freddy wa m'chaka cha 2023. Namondweyu sanabwere mozemba ai. Anayambira panyanja kufupi ndi dziko la Australia kumayambiriro kwa Febuluwale, naoloka nyanja yonse ya mchere ya India, naomba Madagascar ndi Mozambique, nabwereranso kunyanja. Pa 11 Malichi anaombanso kufupi ndi mzinda wa Quelimane, ndipo mvula yake inakhuthukira m'chigawo cha kumwera kwa dziko lathu usana ndi usiku. Anatha masiku 36 ali ndi mphamvu, ndipo masiku onsewo akatswiri anali kumuona. Komabe anthu oposa 600 anafa kuno kwathu, oposa 500 anasowa, ndipo minda yoposa mahekitala 200,000 inamira kapena kukokoloka chimanga chili pafupi kukhwima.

Kodi akatswiriwa amamuona bwanji namondwe? Pali makina ozungulira dziko m'mlengalenga amene amajambula mitambo. Pansi pano pali malo oyezera mvula ndi mphepo, monga ku Chileka, ku Bvumbwe ndi ku Chitedze. Anamondwe a mbali yathu ino ya nyanja amalondoledwa ndi likulu lina la zanyengo limene lili pa chilumba cha Réunion, ndipo makompyuta amawerengera njira imene namondwe angadzere. Kukatsala masiku asanu akatswiri amati "akhoza kudzera kuno". Kukatsala tsiku limodzi kapena awiri mau ao amakhala olimba ndithu. Chimene sangathe kukuuzani ndicho phiri lenileni limene ligumuke, kapena ola limene mtsinje wa kwanu usefukire.

Ofufuza amati chenjezo lili ngati unyolo wa mfundo zinai: kudziwa malo oopsa, kuyeza ndi kulosera, kufikitsa uthenga kwa anthu, ndi kuti anthuwo akhale ndi chochita. Kawirikawiri unyolowu umadukira kumapetoku. Kwa zaka zambiri tinazolowera kuti madzi osefukira ndi nkhani ya ku Nsanje ndi ku Chikwawa. Koma Freddy anapha anthu ambiri m'mphepete mwa mapiri, ku Soche mu Blantyre, ku Chiradzulu, ku Mulanje ndi ku Phalombe, kumene matope ndi miyala zinatsika monga napolo wa ku Phalombe wa m'chaka cha 1991. Ndiponso munthu angamve chenjezo bwinobwino koma nadzifunsa kuti, "Ndithawire kuti? Mbuzi zanga ndisiyire yani? Ulendowo ndilipira chiyani?" Ameneyo sindimuyesa wamwano. Wasowa pogwira.

Funso limeneli analiyesa ku Bangladesh, dziko la ku Asia la alimi a mpunga, limene mitsinje yake imasefukira pafupifupi chaka chilichonse. Mabungwe a United Nations anagwirizana pasadakhale kuti olosera akaona kuti mtsinje wa Jamuna ufika pa muyeso wakuti, thandizo lituluke pomwepo, osadikira kuti madzi ayambe alowa m'nyumba. Mu Julaye 2020 zinaterodi. Chizindikiro choyamba chinali cha kulosera kwa masiku 10, chowauza kuti akonzeke, ndipo chachiwiri chinali cha masiku 5. Bungwe la WFP linatumiza ndalama zokwana pafupifupi madola 53 a ku America pa foni kwa mabanja okwana ngati 23,000 madzi asanafike pachimake. Bungwe la FAO linagawa migolo yotseka bwino yosungiramo mbeu pamodzi ndi chakudya cha ziweto.

Pambuyo pake akatswiri, ena mwa iwo a pa yunivesite ya Oxford, anayerekeza mabanja olandira ndalamazo ndi mabanja ofanana nao amene sanalandire. Anapeza kuti olandirawo ndiwo anasamutsa kwambiri anthu a pabanja pao ndi ziweto zao, anataya katundu wochepa, ndipo kugona ndi njala tsiku lathunthu kunachepa pakati pao ndi magawo 36 pa 100 alionse. Patapita miyezi itatu ana ao anali kudyabe bwino kuposa a anzao aja. Onani kuti ndalamazo zinali zochepa. Mphamvu yake inali pa tsiku limene zinafika.

Si chaka chilichonse pamene thandizo lotere lingafike pakhomo panu, choncho muziwerengera zimene muli nazo m'manja. Malo othawirako musankhe mvula isanayambe, pamodzi ndi a mfumu ndi komiti ya m'mudzi yoona za ngozi, ndipo aliyense pabanja awadziwe. Kumene kuli mitengo yoyezera madzi m'mitsinje, dziwani munthu amene amawerenga, ndipo a kumtunda azidziwitsa a kumunsi msanga. Chenjezo likamveka, mbeu ya chaka chamawa ndi feteleza wotsala zikwere pathandala kapena zipite kwa mbale wa kumtunda. Chiphaso chanu cholembetsera ndi mapepala a ngongole muzikulunge m'pulasitiki. Ziweto musazisiye zili pachingwe m'dambo. Inu a fodya, miyezi ya anamondwe ndiyo imene fodya ali m'zigafa: lambulani ngalande kuzungulira chigafa, chirikizani mizati yofooka, ndipo fodya wouma asakhale pansi.

Kwa inu matenanti pali vuto lina. Nyumba zanu ndi zigafa zili pamene mwini esiteti analoza, ndipo ena mumaopa kuchoka popanda chilolezo. Nkhaniyi ikambidwe ndi kapitao ndi mwini munda nyengo isanayambe: ndani adzaimba belu, anthu adzasonkhana pati, thirakitala idzanyamula chiyani poyamba. Eni minda, wayilesi ya muofesi yokha siikwanira ngati uthenga sufika kumakomboni usiku.

Ena adzati, "Chaka chatha anatichenjeza koma sikunachitike kanthu." Zimachitika, pakuti namondwe amakhota. Koma werengerani nokha: kusamutsa matumba pachabe kukudyerani tsiku limodzi la ntchito, pamene thumba la feteleza lonyowa muyenera kulibweza ngongole yake yonse.

Okhala m'tsinde mwa phiri, pali zizindikiro zimene wayilesi siingakuuzeni. Mukaona ming'alu yatsopano m'nthaka kapena m'khoma, mitengo ikupendekeka, madzi akutumphuka pamene panalibe kasupe, kapena mtsinje waphwa mwadzidzidzi mvula ili mkati, chokani nthawi yomweyo. Pothawa musatsike motsata khwawa. Dutsani cham'mbali, kutali ndi njira ya madzi.