HUẾ, MZINDA WA MAFUMU M'MBALI MWA MTSINJE WONUNKHIRA

Pakati pa dziko la Vietnam, pomwe mtunda uli wopapatiza pakati pa mapiri ndi nyanja, pali mzinda wa Huế. Kucokera mu 1802 kufikira mu 1945 unali likulu la mafumu 13 a fuko la Nguyễn. Ufumuwo unatha ndipo nkhondo inagumula zambiri, komabe zotsalazo n'zokwanira kuonetsa mlendo ulemerero wakale pamodzi ndi zipsera zake.

Linga la mafumu

Mfumu yoyamba, Gia Long, ndiyo inayamba kumanga linga kumpoto kwa mtsinje wa Hương, dzina lotanthauza kununkhira. Khoma lake limazungulira mtunda wa makilomita pafupi-fupi 10, ndipo kunja kwake kuli ngalande ya madzi. M'kati muli mpanda waciwiri, ndipo m'kati mwa umenewo munali mudzi woletsedwa, wa mfumu, akazi ake ndi anchito osankhidwa. Mlendo amalowera pa cipata ca Ngọ Môn, cimene khomo lake lapakati linali la mfumu yokha. Pacipata pomwepa ndi pamene mfumu yomaliza, Bảo Đại, inatula ufumu mu Ogasiti 1945.

Nyumba zambiri zinapsa mu 1947, ndipo zina zinagwa mu 1968 pamene asilikali anamenyana m'makwalala a mzinda kwa mwezi wathunthu. Anthu wamba zikwi zingapo anafa. Mu 1993 bungwe la UNESCO linaika malowa pa mndandanda wa cuma ca dziko lonse lapansi. Nchito yokonzanso ikupitirirabe: nyumba yacifumu ya Kiến Trung inatsegulidwanso mu 2024, pamene kwina kukali maziko okha omera udzu.

Kacisi, manda ndi chalichi

Kumtunda kwa mtsinje kuli kacisi wa Abuda wa Thiên Mụ, woyambidwa mu 1601, wokhala ndi nsanja yosanjikizana kasanu ndi kawiri. Kumapiri a kumwera kuli manda a mafumu, ofanana ndi midzi yaing'ono. Mfumu Tự Đức inamangitsa ake ikali moyo, pakati pa 1864 ndi 1867, ndi nyanja yokumba momwe inkapumulira. Anthu omanga anazunzika ndi nchitoyo kotero kuti mu 1866 anaukira. Manda a Khải Định, omangidwa kucokera mu 1920 mpaka 1931, ndi a simenti, okongoletsedwa ndi zidutswa za mbale ndi magalasi.

M'masiku a Minh Mạng ndi Tự Đức Akhristu ambiri anaphedwa cifukwa ca cikhulupiriro cao. Lero chalichi cacikulu ca Phủ Cam cimaima poyera mumzindawu, kwao kwa Kadinala Nguyễn Văn Thuận, amene anakhala m'ndende zaka 13.

Kayendedwe

Huế ali pa njanji yolumikiza Hanoi ndi Ho Chi Minh City. Wocokera ku Da Nang, makilomita pafupi-fupi 100 kumwera, amadutsa m'mapiri a Hải Vân sitima ikuyenda pamwamba pa nyanja. Ndege zimatera pa bwalo la Phú Bài. Mumzinda muli xích lô, njinga ya mawilo atatu imene wokwera amakhala kutsogolo, wopalasa ali kumbuyo. Mulinso njinga zamoto zonyamula anthu, ndi mabwato a mitu ya cinjoka opita ku Thiên Mụ. Mvanani mtengo musanakwere, koma musaumirize mopitirira: opalasa ambiri ndi acikulire odyetsa mabanja ndi thukuta lao. Kumbukiraninso kuti kuyambira Seputembala mpaka Disembala mvula imagwa yambiri, ndipo mtsinje umasefukira, monga unacitira moopsa mu Novembala 1999.

Zakudya

Pa msika wa Đông Ba ndi m'mbali mwa miseu anthu amadya atakhala pa timipando tating'ono. M'mamawa amakonda bún bò Huế, msuzi wa nyama ya ng'ombe ndi nkhumba, wa tsabola wambiri ndi udzu wonunkhira ngati mandimu, wothiramo zingwe-zingwe za ufa wa mpunga. Cơm hến ndi cakudya cimene cinayamba ndi amphawi: mpunga wozizira, tinkhono ta mumtsinje, nshawa zokazinga ndi masamba. Bánh bèo ndi timikate ta mpunga tophikidwa ndi nthunzi m'timbale tating'ono. Mwezi ukakhala watsopano kapena wathunthu, Abuda ambiri amasala nyama, motero zakudya zamasamba zimapezeka pali ponse.

Wopita ku Huế asathamange. Avale mwaulemu m'malo opatulika, apatule masiku awiri kapena atatu, ndipo ayang'ane mosamala makoma amene akali ndi mabowo a zipolopolo. Paja akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.