Ubongo Umaphunzira Ukadabwa

Kumbuyo kwa diso kuli kamalo komwe mtsempha wopita ku ubongo umatulukira, ndipo pamenepo palibe maselo olandira kuwala. Komabe palibe amene amaona chibowo pa zimene akuyang'ana, chifukwa ubongo umatseka mpatawo ndi zomwe ukuyembekezera. Mu 1867 Hermann von Helmholtz wa ku Germany anafotokoza kuti kuona n'kungoganizira kumene ubongo umachita mwini wake osadziwa. Wasayansi amayambanso choncho, ndi ganizo loti aliyese.

Phunziro limabwera ganizolo likaphonya. Wolfram Schultz anayeza maselo otulutsa dopamine mu ubongo wa anyani. Nyani akapatsidwa madzi a zipatso mwadzidzidzi, maselowo ankatakasuka kwambiri. Atazolowera kuti nyali ikayaka madziwo akubwera, maselo anayamba kutakasuka poona nyaliyo, madzi akafika osatekesekanso. Madzi akapanda kubwera, maselowo ankachita zii pa nthawi yomwe madziwo amayenera kufika. Choncho chimene maselowa amayeza ndi kusiyana kwa zoyembekezeka ndi zochitikadi. Makanda nawo ndi otero. Mu 2015 Aimee Stahl ndi Lisa Feigenson a ku yunivesite ya Johns Hopkins anaonetsa ana a miyezi 11 zidole zochita zosatheka. Amene anaona chidole chikudutsa khoma, atachilandira ankachimenyetsa kuti aone kulimba kwake, pomwe amene anachiona chikuyandama m'malere ankachigwetsa pansi. Anawo ankakonda kuyesa chenichenicho chimene chinawadabwitsa.

Wina angafunse kuti, ngati ubongo uli wasayansi, bwanji anthu amakakamira mabodza? Funsoli n'lomveka. Mu 1960 Peter Wason anapatsa anthu manambala 2, 4, 6 kuti apeze lamulo lake poyesa manambala awoawo. Ambiri ankangopereka monga 8, 10, 12, ofanana ndi zomwe ankakhulupirira kale, n'kulengeza yankho lolakwika molimba mtima. Lamulolo linali manambala atatu alionse okwera. Apa ndi pomwe kufanana kwa ubongo ndi wasayansi kumathera: ubongo umakonza ganizo dziko likautsutsa, koma suchita kufunafuna woutsutsa. Sayansi inaonjezera chimenechi mwadala, popereka zotsatira kwa ena kuti abwereze kafukufukuyo ndi kufufuza polakwika. Munthu woganiza yekha, ngakhale akhale wanzeru chotani, ali ndi theka chabe la njira ya sayansi.