Kuŵala Kofufuza Khansa M'magazi

Munthu akafika pa chipatala cha Kawale mu Lilongwe ali ndi chotupa chokayikitsa, amatumizidwa ku chipatala chachikulu cha Kamuzu Central. Kumeneko madokotala amadula kanyama pa chotupacho nakapima, ntchito imene yakhala ikuchitikira pomwepo chiyambire 2011. Njirayi njodalirika, koma imayembekeza kuti chotupa chidziŵike. Tsono khansa ya m'chiŵindi imakula mwakachetechete; pamene mimba ikutupa ndipo maso achita chikasu, nthenda imakhala itazika kale mizu.

Chikhalirecho magazi amanyamula zizindikiro zake. M'chaka cha 1963 katswiri wina wa ku Moscow, Garri Abelev, poyesa mbeŵa anapeza kuti chiŵindi chogwidwa khansa chimathira m'magazi puloteni yotchedwa AFP. Puloteniyi imachuluka mwa mwana ali m'mimba, nizilala akabadwa. Ikabweranso mochuluka mwa munthu wamkulu, madokotala amatchera khutu. Chovuta nchakuti nthenda ikangoyamba imakhala yochepa zedi.

Apa mpamene kuŵala kukuloŵerera. Mu 1928 C. V. Raman wa ku India anaona kuti kuŵala kukagunda chinthu, kagawo kakang'ono kamabwerera katasintha mtundu, ndipo chinthu chilichonse chimakasintha mwanjira yakeyake, monga chidindo cha chala. Lero akatswiri amakonza timbale tomwazidwa timibulu ta golide tosaoneka ndi maso, tokhala ndi timisampha togwira puloteni imodzi yokhayo. Amadonthezapo madzi a m'magazi naunika ndi kuŵala kwa laser. Golide uja amakuza chizindikiro chofookacho, ndipo kompyuta imachiŵerenga.

Zambiri mwa zidazi zidakali m'nyumba zofufuzira. Ngakhale zitadzafika ku Kawale, sizidzaweruza mlandu pazokha, pakuti AFP imakweranso mwa amayi apakati ndi mwa odwala chiŵindi chotupa, pomwe ena a khansa saikweza nkomwe. Mpake kuti dokotala amafunanso kujambula m'mimba.

Zoyambitsa nthendayi nzodziŵika: kachirombo ka hepatitis B, moŵa wopyola muyeso, ndi chuku cha pa mtedza kapena chimanga chosungidwa chisanaume, chomwe ena amangochipukuta nadya. Katemera wa hepatitis B anayamba kuperekedwa ku sikelo m'Malaŵi muno mu 2002, mwana akakwanitsa masabata 6, 10 ndi 14. Amene anabadwa chakacho chisanafike sanaulandire ku sikelo, ndipo ndiwo oyenera kufunsa azaumoyo za kupimitsa magazi.